Mtunda nawonso ndi fizi: sukulu zimangidwe komwe kuli ana

Amayi anzathu, abambo, achinyamata, tiyambe ndi funso lapafupi. Mwana wanu amayenda mphindi zingati kuti akafike kusukulu? Tikunena wapansi, osati pa galimoto. Ambirife sitidziwa. Timangodziwa kuti amadzuka kudakali mdima, ndipo pobwera amafika miyendo ili mbuu, njala ili m'maso.

Amene mumalawira m'ma 5 koloko kukapikula tomato kapena kaunjika mukudziwa anthu amene mumakumana nawo pamsewu. Alonda akuweruka, amayi a mandasi ali ndi mabeseni pamutu, ndiye pali ana a yunifomu. Ena ndi a Fomu 1, chikwama kumsana, akuyenda chothamanga kuti asakapeze geti atatseka. Ku Lilongwe mudzawaona akutuluka ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Kauma, ku Area 25 ndi ku Area 36. Ku Blantyre akutsika m'mapiri a Ndirande, Bangwe ndi Soche, ena akuchokera ku Machinjiri. Ku Mzuzu akuchokera ku Mchengautuwa ndi ku Masasa. Onsewa ndi ana a m'tauni, amene anthu ambiri amaganiza kuti sukulu ali nayo pakhomo.

Zimene tikufuna kunena lero ndi izi: malo amene sukulu yamangidwa ndi amene amasankha mwana woti amalize ndi mwana woti asiyire panjira. Ndipo njira ikatalika, amene amayamba kugwa ndi mwana wamkazi. Choncho nkhani ya malo omangapo sukulu tisamaisiyire a mapu ndi a ndale okha. Ndi yathu.

ZIMENE ZINACHOTSEDWA NDI ZIMENE ZINATSALA

Dziko lino lachita zambiri pa maphunziro a atsikana, ndipo sitikukana. Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana amene watenga mimba abwerere kusukulu akabereka. Mu 1994 fizi ya kupulayimale inachotsedwa, ndipo ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 1998 ma DEC aja anasanduka ma CDSS, sekondale zoyendera. Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita kupulayimale. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Zonsezi tinaziombera m'manja, ndipo zina amayi anachita kuzimenyera nkhondo.

Koma onani, palibe lamulo ngakhale limodzi mwa amenewa limene linafupikitsa njira ya mwana. Fizi ya ndalama ikhoza kuchotsedwa ndi siginecha imodzi ku Capital Hill. Fizi ya mtunda imatsala, ndipo mwana amailipira tsiku ndi tsiku ndi miyendo yake, tulo take ndi chitetezo chake. Risiti palibe.

MZINDA UNAKULA, SUKULU ZINATSALA PAKATI

Kalembera wa 2008 anapeza anthu oposa 670,000 mumzinda wa Lilongwe. Pofika kalembera wa 2018 anali 989,318. Blantyre anali ndi anthu 800,264, Mzuzu 221,272. M'zaka khumi zokha, Lilongwe anawonjezera anthu oposa 300,000, kuposa anthu onse a mumzinda wa Mzuzu. Funso n'lakuti, anthu onsewa anakakhala kuti?

Sanakakhale ku Area 10 kapena ku Area 43. Anakakhala kumene kachipinda ka lendi n'kotsika mtengo, kumene munthu angagule kapuloti kwa amfumu n'kuumba njerwa zake: m'mphepete mwa mzinda, m'madambo, m'mbali mwa mitsinje, m'mapiri. Lilongwe anakhala likulu mu 1975, ndipo anajambulidwa bwinobwino, dera lililonse ndi nambala yake, sukulu ndi misika zili pamalo pake. Koma lero anthu oposa theka mumzindawu amakhala m'madera amene anakula popanda pulani. Mu 2010 kunatuluka pulani ina ya mzinda, yopangidwa mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, yoyang'ana mpaka 2030. Pepalalo lilipo. Koma njerwa zimayenda msanga kuposa pepala.

Mukudziwa mmene dera latsopano limabadwira. Munda wa chimanga umadulidwa mapuloti. Madobadoba amabweretsa ogula. Chaka chino nyumba khumi, chaka chamawa nyumba mazana awiri. Pamabwera chigayo, bala, tchalitchi, mzikiti, shopu ya Airtel Money. Puloti iliyonse ili ndi mwini wake, mpaka njira imatsala yongodutsa wilibala. Palibe amene anasiya malo a sukulu, chifukwa sukulu siigula puloti. Zaka zisanu ndi chimodzi zikadutsa, ana amene anabadwira pamenepo akwanitsa zaka 6 zoyambira Sitandade 1, ndipo m'pamene tonse timadzidzimuka: kodi sukulu ili kuti?

Chimene chimasokonezanso n'chakuti malo a mumzinda ali ndi eni ake ambiri. Ena ali m'manja mwa unduna wa za malo, ena khonsolo, ena Malawi Housing Corporation, ena mafumu. Sukulu za pulayimale zimayang'aniridwa kudzera ku khonsolo, pomwe za sekondale zimayang'aniridwa ndi unduna wa maphunziro kudzera m'zigawo zake. Wogawa malo ndi wina, womanga sukulu ndi wina, wowerenga ana ndi winanso. Aliyense ali ndi fayilo yake. Mwana ali pakati, akuyenda.

MTUNDA UMAMUCHITA CHIYANI MTSIKANA?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwana woyenda bwinobwino amatha makilomita anayi pa ola. Ngati sekondale imene anasankhidwira ili pa makilomita 6, ndiye ola ndi theka kupita, ola ndi theka kubwera. Maola atatu pa tsiku, maola 15 pa sabata. Mnzake wokhala pafupi ndi sukulu maola amenewo akuwerenga, kapena akugona. Pa mayeso a MSCE onsewa adzalandira pepala limodzi.

Mnyamata nayenso amayenda mtunda womwewo, ndipo nayenso amatopa. Sitikumuiwala. Koma tinene zoona za m'nyumba zathu. Ndani amatunga madzi pa kiyosiki asananyamuke? Ndani amasesa, kutsuka mbale za dzulo, kusambitsa wamng'ono? Pobwera, ndani amapeza mbaula ikumudikira? Mtsikana amayamba ulendo atagwira kale ntchito, ndipo akafika mochedwa amalandira chibalo, n'kuphonyanso phunziro loyamba akukolopa. Ife makolo tili ndi mbali yathu pamenepa, ndipo tigawe ntchito za pakhomo mofanana. Koma ngakhale titagawa bwanji, makilomita 6 akhalabe 6.

Ndiye pali zimene amakumana nazo panjira. Mtsikana aliyense amene anayendapo mtunda wautali akhoza kukuuzani pamene pamakhala anyamata omuitana mayina, pamene pali kanjira ka m'chimanga koopsa, pamene galimoto imaima n'kutsitsa galasi. Achidyamakanda amadziwa nthawi yoweruka kuposa makolo. A kabaza ambiri ndi anthu olimbikira, ofuna chakudya cha ana awo, ndipo ena amanyamula ana athu mokhulupirika. Koma tonse tamvapo za uja amati "kwera, udzalipira ukadzapeza". Mwana wotopa, wanjala, dzuwa likuswa mtengo, amakwera. Ngongoleyo ikakula, tikudziwa mmene ena amaitolerera. Mimba ikaoneka, mudzi wonse umati mwanayu ndi wosamva. Palibe amene amafunsa kuti amayenda mtunda wautali bwanji.

Akakhala kumwezi, m'mimba mukupota, alibe padi yodalirika, ola ndi theka panjira ndi chilango. Ambiri amangokhala pakhomo. Masiku atatu mwezi uno, atatu mwezi wamawa, pakutha pa chaka wasowa m'kalasi pafupifupi mwezi wathunthu.

Dzinja likafika, mitsinje imalamula. Ku Lilongwe kuli Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe, ku Blantyre kuli Mudi, Nasolo ndi Likhubula, osawerengera timakhwawa topanda mayina timene timadzaza pa ola limodzi. Pamene palibe mlatho, mvula ikagwa usiku ndiye kuti mawa kulibe sukulu. Sukulu zina za m'tauni zimaphunzitsa magulu awiri, ena m'mawa ena masana, chifukwa cha kuchepa kwa malo. Wa gulu la masana amaweruka dzuwa litapendeka, ndipo mu June ndi July ikamakwana 6 koloko kwada kale. Kodi inu mungalole mwana wanu wa zaka 14 adutse kudambo nthawi imeneyo?

Makolo ena amati basi, tingomupezera kachipinda pafupi ndi sukulu, zija amati self-boarding. Mwana wa Fomu 2 akukhala yekha kapena ndi anzake awiri, wopanda womuyang'anira, ufa ukatha pakati pa mwezi alibe kolowera. Zotsatira zake tikuzidziwa. Ena amangoti dikira kaye, ukule pang'ono, ndipo mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 8 kapena 9. Woteroyo amatha msinkhu asanafike Sitandade 8, ndipo mwayi woti amalize umachepa. Nanga mwana woyenda pa njinga ya olumala? Nanga wachialubino, amene makolo ake amaopa ngakhale kumutuma kumsika? Kwa iwowa, sukulu yakutali ndi chimodzimodzi kulibe sukulu.

Fizi imeneyi amayi nafenso timalipira. Ndalama ya minibasi kapena ya kabaza imachoka m'geni yathu ya tsiku. Wa Sitandade 1 timamuperekeza tokha kuti awoloke M1 kapena Bypass, ndipo kumsika timafika makasitomala am'mawa atapita.

MAYIKO ENA ANAYESA

Izi si zongomva m'mimba ayi. Ku Afghanistan, m'chigawo cha Ghor, akatswiri awiri, Dana Burde ndi Leigh Linden, anatsatira midzi imene munatsegulidwa timasukulu ting'onoting'ono m'mudzi momwemo, n'kuyerekeza ndi midzi imene ana ankayendabe mtunda. Zotsatira zinatuluka mu 2013. Sukulu itabwera pafupi, mwa atsikana 100 aliwonse anawonjezekera 52 opita kusukulu, pomwe anyamata anawonjezekera 35. Makolo omwe aja ankanenedwa kuti safuna kuphunzitsa ana aakazi anawatumiza. Chimene ankaopa chinali njira.

Ku India, boma la chigawo cha Bihar linayamba mu 2006 kupereka ndalama zogulira njinga kwa atsikana olowa sekondale. Kafukufuku anapeza kuti atsikana olembetsa pa msinkhu woyenera anawonjezekera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ku Indonesia, kuyambira mu 1973, boma linamanga sukulu za pulayimale zoposa 61,000 m'zaka zochepa chabe. Chimene tikufuna muone ndi lamulo limene anatsata pogawa: chigawo chokhala ndi ana ambiri osapita kusukulu chinkalandira sukulu zambiri. Anayamba awerenga ana, kenako n'kunyamula simenti. Esther Duflo, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019, anasonyeza kuti ana a m'zigawo zimenezo anaphunzira zaka zochulukirapo ndipo atakula ankalandira malipiro okwererapo.

Zitsanzo zimenezi zambiri ndi za kumidzi, inde. Koma phunziro lake likukwana ndendende m'mphepete mwa mizinda yathu, momwe nyumba ndi za m'tauni koma mtunda ndi wa kumudzi.

KODI MALO A SUKULU AMASANKHIDWA BWANJI?

Tikayang'ana mmene zimachitikira kawirikawiri, sukulu imamangidwa pamene papezeka malo aulere, kapena pamene wandale akufuna kudzadula riboni, kapena pamene lole ya mchenga ingafike mosavuta. Njira ina yachidule ndi kungowonjezera makalasi pa sukulu imene ilipo kale. Zimenezo zimathandiza, chifukwa kalasi ya ana oposa 100, pomwe cholinga cha boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, si kalasi koma msonkhano. Koma buloko yatsopano pa sukulu yakale siichotsa ngakhale mita imodzi pa ulendo wa mwana wa kumapeto kwa mzinda.

Njira yabwino ilipo, ndipo si yachilendo. Ku France anayamba kugawa sukulu potsata mapu mu 1963, ndipo mayiko ambiri anatengera. Mwachidule imayenda chonchi.

Poyamba mumaika pa mapu pamene ana akukhala, dera ndi dera, ndi misinkhu yawo. Ziwerengero zili ku National Statistical Office ku Zomba, ndipo zipatala zimadziwa ana amene akubwera kusikelo. Mwana amene ali kusikelo lero ndi wa Sitandade 1 posachedwapa. Palibe chodzidzimutsa pamenepa.

Kenako mumaika sukulu zonse zimene zilipo, makalasi ake, zimbudzi zake, ndi ana amene zingathe kulandira. Unduna wa maphunziro umasonkhanitsa ziwerengero zimenezi chaka ndi chaka.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya, mumayeza ulendo weniweni. Pa mapu, mzere wowongoka kuchoka panyumba kufika pasukulu ukhoza kukhala kilomita imodzi. Koma mwana sauluka. Pakati pali mtsinje wopanda mlatho, mpanda wa njerwa wa anthu olemera umene ayenera kuuzungulira, msewu wa magalimoto othamanga wopanda powolokera, manda, chitunda. Kilomita imodzi ija imasanduka itatu. Muyeso woona ndi mphindi zimene mwana wa zaka 6 angayende, ndi njira imene mtsikana wa zaka 14 angadutse yekha mopanda mantha.

Chachinayi, mumayang'ana kumene mzinda ukulowera, n'kusungiratu malo kumeneko nyumba zisanafike.

Chachisanu, mumaonetsetsa kuti malowo ndi otetezeka. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa mowawa. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu amene anapulumuka anathawira m'sukulu. Makalasi anasanduka misasa, maphunziro anaima. Sukulu ya m'tauni ndi pothawirapo pa dera lonse. Kuimanga m'dambo kapena m'munsi mwa phiri logumuka chifukwa malowo ndi otsika mtengo n'kuika ana pa msampha.

Lero zonsezi zikhoza kuchitika pa kompyuta imodzi, ndi zithunzi za m'mlengalenga ndi foni ya GPS. Luso lilipo, ana athu omwe akuphunzira zimenezi m'mayunivesite. Chosowa ndi lamulo loti ndalama zizitsata mapu, osati mapu azitsata wandale.

TIKUDZIWA ZIMENE ATIYANKHE

Ati ndalama palibe. Zoona, ndalama n'zochepa. N'chifukwa chake tikuti zochepazo zisamaponyedwe mwachisawawa. Komanso kusunga malo n'kotsika mtengo kuposa china chilichonse. Munda wa kumapeto kwa mzinda lero mtengo wake ndi wa munda. Pakatha zaka khumi padzakhala nyumba, ndipo kuti mumangepo sukulu mudzafunika kugwetsa, kulipira chipukutamisozi ndi kuyenda m'makhothi. M'mera mpoyamba. Ngakhale ndalama yomangira isanapezeke, ikani zikhomo, lembetsani malowo m'dzina la sukulu, dzalani mitengo m'malire, ana azisewerapo mpira. Bwalo limene ana amasewerapo tsiku lililonse ndi lovuta kuliba.

Ati m'madera odzaza kale ngati Ndirande kapena Mtandire malo anatha. Pamenepo tiganize mwa mtundu wina. Sukulu ikhoza kukhala yosanja. Sitandade 1 mpaka 4 ikhoza kukhala pa kasukulu kakang'ono pakati pa nyumba, akuluakulu n'kumapita kokulirapo. Mipingo ndi mizikiti ili ndi malo ndi zipinda zimene zimakhala zotseka pakati pa sabata, ndipo mbiri ya maphunziro m'dziko muno inayambira kumeneko. Nthawi zina chofunika si sukulu yatsopano n'komwe: kamlatho ka anthu oyenda pansi, kanjira kotsegulidwa pakati pa mipanda, kapena magetsi a sola pa malo amdima zikhoza kudula ulendo ndi theka.

Ati anthuwo anakhala pamalopo mosatsata malamulo, tikawamangira sukulu ndiye kuti tavomereza. Ife tikuti mwana sanagule puloti. Malamulo oyendetsera dziko lino amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, sanati okhawo a m'nyumba zokhala ndi mapepala. Ndipo nthawi ya kampeni, madera omwewa onse amawadziwa njira yake.

Ati tingomanga mahositelo a atsikana. Kumidzi kotalikirana, hositelo yoyang'aniridwa bwino imapulumutsa ambiri. Koma mumzinda, momwe ana zikwizikwi akukhala mothithikana, n'chifukwa chiyani mwana achoke pakhomo pa mayi ake pomwe derali lili ndi ana okwanira kudzaza sekondale yakeyake? Njinga nazonso n'zabwino, koma pa misewu yathu yopanda njira ya njinga, pakati pa minibasi ndi malole, ndi makolo angati angagone tulo?

Ati sukulu zapulaiveti zadzaza m'makwalalamu. Zadzaza chifukwa boma kulibe. Zina n'zabwino, zina ndi nyumba ya lendi yokhala ndi chimbudzi chimodzi. Ndipo ndalama ikakwanira mwana mmodzi yekha pakhomo, tikudziwa amene amatsala nthawi zambiri.

ZIMENE TIKUPEMPHA

1. Makhonsolo a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, pamodzi ndi unduna wa maphunziro, atulutse mapu osonyeza sukulu iliyonse ya boma, ana amene ili nawo, ndi madera amene ana amayenda nthawi yaitali. Mapuwo apachikidwe ku ofesi ya wodi ndi pamsika, m'chilankhulo chimene anthu amamva.

2. Pakhale muyeso wolembedwa, wodziwika kwa aliyense. Ife tikuganiza kuti wa Sitandade 1 mpaka 4 asayende kupitirira mphindi 20, wa sekondale yoyendera asapitirire mphindi 45. Tikhoza kukambirana manambalawa, koma pakhale nambala yoti tizikufunsani nayo.

3. Pulani iliyonse yodula mapuloti, kaya ndi ya boma, ya kampani kapena ya amfumu, isavomerezedwe ngati mulibe malo a sukulu. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linapereka mphamvu yoyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka malo m'dziko lonse. Mphamvuyo igwire ntchito.

4. Malo a sukulu amene alipo ayezedwe, alembetsedwe, atchingidwe. Amene analowerera malo a sukulu atuluke, kaya ndi bwana wotani.

5. Ndalama za CDF ndi za mabungwe othandiza zipite kaye kumene mapu akusonyeza kuti ana akuvutika kwambiri. Aphungu ndi makhansala atiuze poyera chifukwa chimene asankhira malo akutiakuti.

6. Posankha ana opita ku sekondale zoyendera, aziyang'ana kumene mwana amagona, kuti asadutse sukulu yapafupi n'kupita ya kutsidya la mzinda.

7. Pa komiti iliyonse yosankha malo pakhale amayi a m'deralo, a mother group, ndi atsikana eni ake. Amene amayenda njirayo ndi amene amaidziwa.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo pali malingaliro okweza matauni ngati Kasungu, Karonga, Liwonde ndi Luchenza. Kumeneko minda idakalipo. Anzathu a kumeneko, musadikire kuti mudzalire ngati ife. Funsani lero kuti malo a sukulu ali pati.

NANGA IFE TICHITEPO CHIYANI?

Tisadikire wa mapu achoke ku ofesi. Ku Kibera, dera lothithikana la mumzinda wa Nairobi, achinyamata anayamba mu 2009 kuyenda ndi timakina ta GPS n'kujambula dera lawo, limene pa mapu ambiri linkaoneka ngati malo opanda kanthu. Pambuyo pake anajambulanso sukulu zonse za m'deralo. Kuno kwathu, amayi a m'magulu osunga ndalama a Federation, mogwirizana ndi bungwe la CCODE, akhala akuwerenga nyumba ndi kujambula madera awo kwa zaka zambiri. Ndiye kuti n'zotheka, ndipo oyambitsa ake ndi amayi ngati ife tomwe.

Pempho lathu ndi ili. Sabata ikubwerayi, sankhani tsiku limodzi, mudzuke ndi mwana wanu kapena wa neba, muyende naye mpaka pageti la sukulu. Abambo, inunso. Onani nthawi ponyamuka, onani nthawi pofika. Lembani mitsinje imene mwawoloka, misewu imene mwadutsa, ndi malo amene mwanayo wakuuzani kuti amaopa. Mufunseni, ndipo mumvetsere osamukalipira. Mwina mumva zinthu zimene sanakuuzenipo.

Kenako mukakumana ku banki m'khonde, ku mother group, ku chigwirizano kapena ku dawa, phatikizani zimene mwapeza. Pepala limodzi la mabanja 30, lokhala ndi mphindi ndi mayina a malo, ndi lolemera kuposa madandaulo a chaka chonse. Kaperekeni kwa a khansala, kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya wodi, ndipo musunge kope lanu. Funsani kuti malo a sukulu m'dera lanu ali pati. Akakuuzani kuti ndi chinsinsi, akumbutseni kuti lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020.

Ndipo inu amene mukugula puloti kumalo atsopano, musanapereke ndalama funsani wogulitsayo: ana anga azikaphunzira kuti? Ogula khumi akafunsa funso lomwelo, wogulitsa ayamba kusiya malo.

Tiuzeni m'makomentimu dera lanu, kalasi ya mwana ndi mphindi zimene amayenda. Dzina la mwana musalembe, chithunzi chake musaike. Tizisonkhanitsa, dera ndi dera, ndipo tikazitula kwa oyenera. Mawa m'ma 5 koloko ana aja adzakhalanso ali pamsewu. Tiyeni tikayende nawo.